Ku Maryhill sayansi ndi msuweni, ku Malawi ndi apongozi

Pa 8 Julaye 2014, roketi ya mtundu wa Soyuz inanyamuka ku Baikonur, m'dziko la Kazakhstan, itasenza masetilaiti angapo. Pakati pa katunduyo panali kabokosi kotalika pang'ono chabe kuposa rula ya mwana wasukulu, dzina lake UKube-1. Iyi inali setilaiti yoyamba kupangidwa ku Scotland. Anaipanga akatswiri a kampani ya Clyde Space, imene masiku amenewo inkagwirira ntchito ku West of Scotland Science Park, m'mbali mwa msewu wa Maryhill Road, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Glasgow. Mwini ntchitoyo linali bungwe la boma loona za mlengalenga, UK Space Agency. M'kabokosimo munali ndalama zambiri, zaka za thukuta ndi ulemu wa dziko.

Asanakatumize, akatswiriwo analola amisiri awiri a zojambula a ku Los Angeles, Jon Gibson ndi Amanda White, kuzokota kunja kwa kabokosiko kuti kaoneke ngati malo otchajira magetsi, ndi mawu olonjera mlendo wotopa wochokera ku nyenyezi zina amene angadutse poteropo batire itamuthera. Munthu wa ku Mitundu kapena ku Jenda, amene amasiya foni yake pometera tsitsi kuti amutchajire ndi makwacha ochepa, sangavutike kuimva nthabwalayi: a ku Maryhill anakatsegula kabenchi kotchajira mafoni kumwamba, kumene kulibe kasitomala ndi mmodzi yemwe. Setilaitiyo inafika bwinobwino m'njira yake yozungulira dziko ndi kuyamba kutumiza mauthenga pansi. Nthabwalayo siinaichotsere kalikonse.

Mmalawi aliyense amadziwa munthu woseka naye ndi munthu womupewa. Msuweni amanyogodoledwa, amalandidwa chipewa, amatchulidwa maina achipongwe, ndipo ubale umakula nazo zomwezo. Apongozi ndi nkhani ina. Mkamwini akawaona akubwera m'njira amapatukira kutchire, ndipo akafuna kulankhula nawo amanjuta chapatali, maso ali pansi. Ulemu umenewu ndi wabwino pamalo pake, koma sulola funso. Ana asukulu ambiri ku Malawi amakhala ndi masamu, fizikisi ndi kemisitiri monga mkamwini ndi apongozi. Amaziopa, amaloweza mawu ake, ndipo akangolemba mayeso a Fomu 4 amapatuka m'njira kuti asadzakumanenso nazo. Dziko limene anthu ake amaseka pamaliro, m'minibasi ndi pamzere wa mafuta lili ndi nthabwala za andale, za abusa, za zidakwa ndi za mitala, koma nthabwala za sayansi m'chilankhulo chake n'zosowa ngati mano a nkhuku. Mlandu wake suli pa ana. Uli pa akuluakulu amene anakonza sukulu kuti ikhale malo a mantha ndi a chilankhulo chimodzi chobwereka.

Maryhill si dera la mabwana. Linakula chifukwa cha ngalande yoyendamo mabwato ya Forth and Clyde, imene inakoka mafakitale a magalasi, a zitsulo, a matabwa ndi a mankhwala. Mu holo ya deralo, Maryhill Burgh Halls, imene inatsegulidwa mu 1878, mmisiri Stephen Adam anaikamo mawindo 20 a magalasi amitundumitundu. Pa mawindo otere kawirikawiri ankajambulapo angelo ndi oyera mtima. Iye anajambulapo anthu wamba ali pantchito ndi zovala zawo zothimbirira: osula zitsulo, wokhoma mabwato, wouzira magalasi, ogwira ntchito m'fakitale ya mankhwala, mainjiniya, mphunzitsi. Mafakitale ambiri anatsekedwa kalekale ndipo umphawi ulipo mpaka lero, koma mwana wa m'deralo akakweza maso amaona kuti makina ndi mankhwala zinali ntchito za agogo ake. Ndi dera la anthu a pakamwa pakuthwa. Sewero loseketsa la pa wailesi yakanema la Still Game, lonena za madala awiri opuma pantchito, mbali yaikulu analijambulira m'misewu yomweyi, m'kalankhulidwe ka ku Glasgow kamene Mngelezi wa ku London amachita kutchera khutu kuti akamve.

Chapafupi ndi holoyo, ngalande ija imawoloka mtsinje wa Kelvin pa mlatho wa miyala umene unatha kumangidwa mu 1790, moti bwato limadutsa pamwamba madzi ena akuyenda pansi. Mtsinje womwewu ukatsika umadutsa m'munsi mwa University of Glasgow, kumene William Thomson anaphunzitsa fizikisi kwa zaka 53. Mu 1892 atapatsidwa ulemu wachifumu anatenga dzina la mtsinjewo nakhala Lord Kelvin, ndipo lero asayansi a dziko lonse amayeza kutentha ndi muyezo wotchedwa kelvin. Thomson ndiye anakonza, mu 1848, sikelo yoyambira pamene kuzizira kumathera. Kutentha ndi kugwedezeka kwa tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga chinthu chilichonse. Chinthu chikamazizira tizidutswato timachepetsa kugwedezeka, ndipo pali malire amene sichingapitirire, madigiri 273.15 pansi pa ziro pa sikelo ya Celsius. Malire amenewo amalembedwa 0 K.

Ophunzira fizikisi m'maiko olankhula Chingerezi ali ndi nthabwala yake. Amati wasayansi wina anadziziziritsa mpaka kufika pamalirewo, koma abale asadandaule, tsopano ali 0K. Ziro ndi K zikayandikana zimaoneka ngati OK. Kuti munthu aseke ayenera kudziwa kuti kuzizira kuli ndi malire, kuti malirewo ndiwo ziro pa sikelo imeneyi, ndiponso kuti K akuimira chiyani. Mwana amene waseka wakhoza mayeso opanda pepala, ndipo mphunzitsi wamva ndi makutu ake kuti phunziro lalowa. Amene anangoloweza amangoti kakasi.

Nthabwala imeneyo ndi ya eni ake, siingasamuke. Chichewa chili ndi zake zimenenso sizingasamuke. Aphunzitsi afunsa kuti, "Mbuzi zisanu kuphatikiza mbuzi zitatu, zonse pamodzi zikhala zingati?" Mwana aimirira. "Zisanu ndi zitatu, aphunzitsi." Aphunzitsi akwiya. "Iwe, ndafuna yankho, sindinati ubwereze funso!" Mwana uja, mwaulemu, "Yankho lake ndi lomwelo, aphunzitsi."

Mwanayo walondola, ndipo m'Chingerezi nthabwalayi ingafe pomwepo. Chichewa chili ndi mawu a chimodzi mpaka zisanu, chili ndi khumi, ndipo manambala apakati chimawamanga pophatikiza. Nambala ya 78 ndi makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu: muli kuphatikiza, muli kuchulukitsa, muli kuika zinthu m'mitolo ya zisanuzisanu ndi khumikhumi, zonse m'mpweya umodzi. Limeneli ndi phunziro lenileni la masamu, lakuti mitolo yowerengera amasankha ndi anthu, ndipo ikhoza kusintha. Wotchi imawerenga m'mitolo ya 60. Kompyuta imawerenga m'mitolo ya ziwiriziwiri, ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, kotero kuti kwa iyo 10 amatanthauza ziwiri. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu amakonda kunena kuti padziko pali mitundu 10 ya anthu, odziwa kawerengedwe ka kompyuta ndi osadziwa. Mwana amene anaonetsedwa kuti agogo ake amawerenga m'mitolo ya zisanu sangadabwe kumva kuti makina amawerenga m'mitolo ya ziwiri. Koma sukulu siimamuonetsa zimenezo. Kawerengedwe ka agogo kanasiyidwa kunja kwa kalasi, ndipo lero ngakhale pamsika pamamveka faifi handiredi ndi thu sauzande basi.

Akatswiri akuluakulu a ku Scotland sankachita manyazi kusewera ndi nzeru zawo. W. J. Macquorn Rankine, pulofesa wa uinjiniya ku Glasgow kuyambira 1855 mpaka pamene anamwalira mu 1872, amene dzina lake lili m'mabuku a ophunzira za injini za nthunzi, anapeka nyimbo yoseketsa ya katswiri wa masamu amene anasandutsa chikondi kukhala samu, namwali n'kuthawa ndi msilikali iye akadali kuwerengetsera. James Clerk Maxwell, amene masamu ake a magetsi ndi maginito ndiwo maziko a wailesi ndi foni iliyonse, ankasaina makalata opita kwa mnzake Peter Guthrie Tait ndi zizindikiro dp/dt, chifukwa m'buku la Tait munali samu imene mbali yake ina inali dp/dt ndipo mbali inayo inali JCM, zilembo zoyamba za maina ake. Anatenganso nyimbo yotchuka ya Robert Burns, ya anthu awiri okumana m'munda, naisandutsa ya zinthu ziwiri zolimba zogundana m'malere. Anailemba m'kalankhulidwe ka kwawo ka Scots, kamene mabwana a nthawiyo ankakaona ngati kachimidzi.

Maxwell yemweyo atalowa sukulu ku Edinburgh ali mwana, anzake anamutcha Dafty, kutanthauza wozerezeka, chifukwa cha zovala zake ndi kalankhulidwe kake ka kumudzi. Ali ndi zaka 14 analemba pepala lake loyamba la masamu. Ku Wimbe, m'boma la Kasungu, William Kamkwamba analinso ndi zaka 14 pamene ankatoleza zitsulo zakutha kuti apange makina opukusa magetsi ndi mphepo, anthu akumunena kuti wachita misala kapena wayamba chamba. Kuseka kotereku Malawi ali nako kokwanira, ndipo n'koipa. Ndi kuseka munthu chifukwa wafunsa funso. Mtsikana wa Fomu 2 amene walakwitsa samu pabolodi, kalasi yonse n'kufa nalo phwete, aphunzitsi n'kuwonjezera kuti masamu si a atsikana, sadzakwezanso mkono. Chimenecho ndi chipongwe, ndipo mphunzitsi wochita zotere ayenera kudzudzulidwa. Nthabwala imene ikufunika ndi yoseka chinthucho, samuyo, makinawo, pamene mphunzitsi ndi mwana ali mbali imodzi. Kamkwamba, posowa dzina la makina ake m'Chichewa, anawatcha magetsi a mphepo, ndipo aliyense m'mudzimo anamva. Mnyamata wosiyira sukulu panjira anachita ntchito imene makomiti a maphunziro amati n'njosatheka.

Pa nkhani ya makompyuta ndi pamene Chichewa chimaonetsa mphamvu zake zenizeni. Ku University of Glasgow, mtunda wochepa kuchokera ku Maryhill, ndi kumene kunayambira, cha m'ma 1989, pulogalamu yotchedwa Glasgow Haskell Compiler. Ntchito ya compiler ndi kumasulira zimene munthu walemba kuti makina azimve. Imeneyi, munthu akaifunsa dzina, imayankha mpaka lero kuti ndi The Glorious Glasgow Haskell Compilation System, kudzitcha yaulemerero, nthabwala imene oipanga anaisiya mkati ndipo palibe amene anaichotsa. Mmodzi wa akatswiri amene anagwira ntchito pa chilankhulo cha makompyuta cha Haskell ku Glasgow, Philip Wadler, amadziwika ndi kuvula shati pamapeto a phunziro n'kuonetsa chovala chonga cha Superman chokhala ndi chilembo cha Chigiriki cha lambda pachifuwa. Koma compiler yawoyo ndi yosanyengerera. Imayang'ana mtundu wa chinthu chilichonse, ndipo wina akaika nambala pamalo pofunika mawu, imakana kupitirira mpaka akonze.

Tsono pali nthabwala yodziwika ya olemba mapulogalamu imene imalowa bwino m'Chichewa. Amayi atuma mwana wawo wodziwa za makompyuta: "Kagule buledi mmodzi. Ukapeza mazira, ugule khumi." Mnyamata abwera atasenza mabuledi khumi. "Nanga zimenezi, mwanawe?" "Mazira ndinawapeza, amayi." Phunziro lake ndi lakuti kompyuta imachita zimene yauzidwa, siiganizira zimene munthu amafuna kunena. Koma amayiwo akadati, "Kagule nsomba imodzi. Ukapeza mazira, ugule asanu," nthabwala ikadafa. Asanu sangakhale nsomba, chifukwa nsomba ndi zisanu. Kachilembo kamodzi kakutsogolo katseka khomo la chisokonezo. Agwirizanitsi amene ana amaphunzira pa galamala ya Chichewa, aja a magulu a maina, amagwira ntchito yofanana ndi imene compiler ya ku Glasgow imatamandidwa nayo: amaonetsetsa kuti mawu alionse akuloza chinthu cha mtundu woyenera. Mwana wa zaka zinayi ku Ntcheu akamva mlendo akunena kuti "nsomba asanu" amaseka, ndipo kusekako ndi kukana pulogalamu yolakwika. M'Chingerezi mulibe chotchinga chotere pa manambala.

Akatswiri a zilankhulo akunja anaona kalekale dongosolo limeneli. Mu 1987 Pulofesa Sam Mchombo, Mmalawi amene waphunzitsa zaka zambiri ku University of California, Berkeley, pamodzi ndi Joan Bresnan wa ku Stanford, anasindikiza kafukufuku wa agwirizanitsi a m'Chichewa amene amawerengedwa m'mayunivesite a m'maiko ambiri. Bresnan ndi mmodzi wa oyambitsa njira yosanthulira galamala imene yagwiritsidwa ntchito pophunzitsa makompyuta kuzindikira ziganizo. Zitsanzo za a Mchombo m'zolemba zawo n'zodzaza ndi anyani, afisi, mikango ndi alenje ochita zinthu zoseketsa. Wophunzira wa ku California amadziwa kuti Chichewa ndi chilankhulo cha dongosolo lolimba. Wophunzira wa ku Dedza amauzidwa kuti ndi cha kumunda ndi kumaliro.

Ngakhale makoma a magolosale amaphunzitsa za makompyuta. Chikwangwani chakuti "Ngongole mawa" ndi chitsanzo changwiro cha cholakwika chimene olemba mapulogalamu amachitcha infinite loop, lamulo lodzibwereza lopanda pothera. Wofuna ngongole abwera mawa, awerenga chikwangwani, chimuuza kuti abwere mawa, ndipo zidzatero mpaka golosale idzagwe. Pulogalamu ikalowa m'msampha wotere, foni imangoima osayankha. Mankhwala ake ndi kuika polekezera, monga kulemba tsiku lenileni pachikwangwanicho. Mwini golosale amene analemba mawu awiriwo anachita dala, ndipo aliyense wodutsa amamvetsa. Phunziro limene buku lachingerezi limalifotokoza m'masamba awiri lili kale m'mitu ya ana onse a pamalo ochitira malonda.

Nanga n'chifukwa chiyani zinthu zotere sizilowa m'kalasi? Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a Lucius Kanyumba, inalengeza kuti ana ayambe kuphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Aphunzitsi ambiri, poona nkhope za ana, amafotokozabe m'chilankhulo cha kumudzi, koma amachita ngati akuba. M'masukulu ena mwana wogwidwa akulankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao amapatsidwa chibalo. Wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi ngakhale akhoze masamu kuposa aphunzitsi ake. Munthu sachita nthabwala m'chilankhulo chimene akuopa kulakwitsa. Mwana amene mphamvu zake zonse zikuthera posaka mawu oyenera alibe mpata wosewera ndi ganizo, ndipo ganizo limene sanaseweretsepo amaliiwala akangotuluka m'chipinda cha mayeso.

Otsutsa amati Chingerezi ndicho chilankhulo cha ntchito, cha mabuku ndi cha makompyuta. N'zoona, ndipo palibe wanzeru amene akunena kuti chichotsedwe. Mawu olamulira a zilankhulo za makompyuta monga Python ndi Haskell ndi achingerezi, ndipo mwana wa ku Malawi ayenera kuwadziwa bwino. Nkhani ndi ya khomo lolowera. Scotland nayo inadutsa m'njira yomweyi. Lamulo lake la maphunziro la 1872 silinapereke malo kwa chilankhulo cha Gaelic, ndipo ana ankalangidwa akachilankhula kusukulu. Lero mu Glasgow muli sukulu, Sgoil Ghàidhlig Ghlaschu, imene imaphunzitsa ana m'chilankhulo chimenecho, masamu omwe, kuyambira pulaimale, ndipo ili ndi gawo la sekondale. Kalembera wa 2011 anapeza kuti olankhula Gaelic ku Scotland sanafike 60,000. Chichewa chimalankhulidwa ndi anthu oposa 10 miliyoni ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Kunena kuti chilankhulo chachikulu chotere sichingasenze phunziro la kutentha ndi kuzizira ndi ulesi wa okonza maphunziro, ndipo uyenera kutchulidwa ndi dzina lake.

Ena amati sayansi ndi nkhani yolemera, dziko losauka lilibe nthawi ya masewera. Amenewa amve za mphotho ya Ig Nobel, imene kuyambira 1991 imaperekedwa ku kafukufuku woseketsa poyamba koma wopatsa maganizo pambuyo pake. Mu 2000 inapita kwa madokotala atatu a ku Glasgow, Jonathan Wyatt, Gordon McNaughton ndi William Tullett, amene analemba za odwala ovulala zimbudzi zitawaswekera atakhalapo. Aliyense amene waonapo chimbudzi chokumba chitatitimira m'dzinja akudziwa kuti nkhani yoseketsayi ndi ya moyo ndi imfa. Chaka chomwecho Andre Geim anailandira chifukwa choyandamitsa chule m'malere ndi maginito, ndipo patatha zaka 10 analandira Nobel yeniyeni. Mu 2006 inapita kwa Bart Knols ndi Ruurd de Jong, amene anaonetsa kuti udzudzu waukazi wofalitsa malungo, Anopheles gambiae, umakopeka ndi fungo la tchizi cha Limburger monga umakopekera ndi fungo la mapazi a munthu. Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma kudziwa fungo limene limakoka udzudzu ndi chiyambi cha kutchera misampha yake. Dziko limene malungo amagoneka ana ake m'zipatala chaka ndi chaka likufunika anthu olimba mtima kufunsa mafunso ooneka opusa ngati amenewo.

Chitsutso chimene chili ndi mano ndi cha zipangizo. Masukulu ambiri a sekondale oyendera a m'midzi alibe chipinda choyeserera sayansi, ndipo nthabwala siigula botolo la asidi. Boma liyenera kumanga zipindazo, ndipo mawu alionse a m'ndemanga ino sakulichotsera udindo umenewo. Koma Lord Kelvin, ndi zipangizo zonse za yunivesite yake, ankalowa m'kalasi ndi mazira. Dzira lowiritsa likazungulitsidwa patebulo limazungulira msanga ndi mosalala. Laliwisi limazungulira mwaulesi, chifukwa zamadzi zamkati zimatsalira m'mbuyo. Munthu akaligwira pang'ono ndi chala n'kulisiya, laliwisi limayambanso kuyenda lokha, popeza zamkatizo sizinaime. Lamulo lakuti chinthu choyenda chimapitiriza kuyenda mpaka china chitachiimitsa lili apo, pamtengo wa mazira awiri, ndipo ana amaseka akaliona dzira likudziyendera.

Luso loseketsa pophunzitsa Malawi ali nalo kale. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankafikitsa uthenga kwa anthu amene chikalata cha boma sichikanawafika. Sewero la Tikuferanji, ndi Manganya wa a Michael Usi, linalankhula za Edzi m'nyumba zimene mawuwo ankanong'onezedwa. Ochita zisudzo anasenza uthenga wa zaumoyo ndipo anthu anamva. Palibe chowaletsa kusenza nkhani ya chifukwa chake kadamsana amachitika, kapena chifukwa chake mphezi imakonda mtengo wautali, nkhani zimene kusazidziwa kwachititsa kuti agogo osalakwa anamiziridwe ufiti. Ku London, mu 2009, kunayamba Bright Club, kumene akatswiri a kafukufuku a m'mayunivesite amakwera pansanja n'kufotokoza ntchito yawo moseketsa, ndipo mwambowu unafika ku Glasgow. Mphunzitsi wa ku MUST ku Thyolo, wa ku MUBAS, wa ku LUANAR kapena wa ku Mzuni amene angafotokoze kafukufuku wake m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kwa mphindi zisanu ndi zitatu, anthu n'kuseka, adzakhala atatsimikiza kuti akuudziwadi. Ambiri amabisala kuseri kwa mawu aatali achingerezi chifukwa kumeneko palibe wowafunsa.

Ubale wa Malawi ndi Scotland ndi wakale. David Livingstone anaphunzira udokotala ku Glasgow, Blantyre anatchedwa dzina la kwawo, ndipo mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasaina mgwirizano wa maiko awiriwa. Kudzera mu ubalewu kwabwera mabuku, madokotala ndi maphunziro apamwamba. Amalawi amene akuphunzira ndi kugwira ntchito ku Glasgow, ena a iwo akukwera basi mu Maryhill Road tsiku lililonse, abwere nachonso ichi: chizolowezi chotenga sayansi ngati ya pakhomo. Alembe tinkhani, ajambule timavidiyo tafupi, atumize kwa adzukulu awo pa WhatsApp m'chilankhulo cha kwawo.

Unduna wa maphunziro ulembe kalata yomveka yolola mphunzitsi wa masamu ndi sayansi kufotokoza m'chilankhulo cha mwana popanda kuopa woyendera sukulu, ndipo uletse chibalo cha chilankhulo. A Malawi Institute of Education ku Domasi, pamodzi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, aike m'mabuku a pulaimale kawerengedwe ka Chichewa, ndagi ndi masamu a bawo. MBC, Zodiak ndi Times apereke theka la ola pa sabata kwa wasayansi mmodzi ndi wazisudzo mmodzi. Aphunzitsi asadikire zonsezo. Lolemba likudzali alowe m'kalasi ndi mazira awiri, lina lowiritsa, lina laliwisi, awazungulitse patebulo, ndipo alole ana afotokoze zimene aona m'chilankhulo chimene amalankhula ndi amayi awo.